A Bernardo ndi Singano ya Petulo

Amene munakulira ku Feira m'zaka za m'ma 1950 simufunika kuuzidwa za a Bernardo Chimutanda. Enanu ndikuuzeni chinthu chimodzi poyamba. Mdala ameneyu ankatha kukayikira wansembe, mkazi wake, ngakhale maso ake omwe, koma singano ya geji ya petulo m'lole yake sankaikayikira. Chonsecho singanoyo inali yabodza kuposa msodzi wobwera chimanjamanja.

Ine nthawi imeneyo ndinkagula nsomba zouma kwa asodzi a kwa Mphuka n'kukagulitsa ku Lusaka. Motero lole imeneyo ndinaikwera, ndinaikankha, ndinagonapo pansi pake. Kwathu kunalibe motoka ina yonyamula anthu wamba. A Bernardo anaphunzira udalaiva ali msilikali pa nkhondo yaikulu ija, ndipo atabwerako anakagula ku Lusaka lole yakale yobiriwira, imene zitseko zake ankamanga ndi luzi. Anali munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, wovala jekete yausilikali ngakhale mu Okutobala pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Singano ija inkaloza pa chilembo cha F, kutanthauza kuti thanki ndi yodzaza. Pochoka ku Feira, F. Pofika pa buliji ya Luangwa, F. Pobwerako ku Lusaka, F yemweyo. Petulo ankathira ndithu, kuchokera mu dilamu imene inkakhala kuseri kwa nyumba yawo, koma ankathira mmene mtima wawauzira. Ukawapeza akuthira ankafulumira kukuuza kuti, "Sikuti watha ayi. Ndikungoonjezera ulemu."

Ulendo wanga woyamba, lole inatsokomola pa chikweza cha kwa Mburuma, n'kugwedezeka ngati yamva mphepo, n'kukhala chete. Tinali ndi mnzanga Yosiya, wogulitsa nsomba ngati ine, munthu wamtali wosadziwa kusunga mawu m'kamwa.

"Mdala, kodi petulo sanathe?" anafunsa Yosiya.

"Tabwera, mwana wanga. Suzumira apa. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona F."

"Nanga ukufunsanso chiyani?"

"Ndikufunsa chimene injini yaimira."

"Petulo alimo, koma wakomoka. Dzuwa la kuno limakomola ndi mbuzi yomwe, nanji petulo wobadwira kwa azungu."

Yosiya anathyola kamtengo m'mbali mwa msewu kuti apise m'thanki. A Bernardo anatsika liwiro limene sitinkawaganizira, n'kukaima patsogolo pa chitsekero cha thanki manja ali m'chiuno.

"Iwe, ukafunsa munthu wamkulu kuti kodi mwakhuta, iye n'kuyankha kuti ndakhuta, umamupisa ndodo kukhosi kuti uone? Kwanu anakulera motero?"

Tinakhala pamenepo mpaka tsiku lotsatira, pamene inadutsa lole ya anthu okonza msewu. Ngakhale apo mdala sanapemphe petulo monga munthu womuthera. Anauza dalaiva mnzakeyo kuti, "Tandipatseniko pang'ono wozizira, akadzutse mnzake wagona m'katimu."

Zinkachitika kawirikawiri mwakuti amayi a kwa Mburuma anadziwa malo amene lole imafera. Panali mlambe waukulu pamenepo. Akangomva injini ikulira kumunsi, ankanyamula masau, maungu ophika ndi thobwa n'kukakhala pamthunzi kudikira. Lole ikadutsa osafa ankabwerera kunyumba akudandaula kuti lero malonda aipa. Pansi pa mlambe womwewo Yosiya anaonana ndi Josefina, mtsikana wogulitsa masau, ndipo lole itafa kangapo nkhani inafika kwa ankhoswe. Pa ukwati wawo a Bernardo anaimirira osapemphedwa, nati, "Mwana uyu akanakwera motoka ya dalaiva wopupuluma, bwenzi akudziphikirabe yekha."

Musaganize kuti gejiyo sankaisamala. M'mawa uliwonse ankapukuta galasi lake ndi mpango, n'kuligogoda ndi chikhadabo monga mmene umagogodera pakhomo pa apongozi. Wina akanena kuti singanoyo inafa kalekale, ankamuitana kuti aone. Ankazimitsa kiyi, singano n'kugwa. Ankayatsa, singano n'kudzuka mpaka pa F.

"Ndikazimitsa imagona, ndikayatsa imadzuka. Chinthu chakufa chimatero?"

Akazi awo, a Emelina, anali mayi wofatsa amene mawu ake ankatuluka ngati akuwerengera. Iwo ndi amene anatumiza uthenga ku Zumbo, tsidya la Apwitikizi, kwa António, makanika amene ankakonza injini ya boti ndi chigayo cha wamalonda wina kumeneko. António anaoloka pa bwato atanyamula zipangizo zake m'kathumba ka chikopa. A Bernardo anamulola kukhudza lole chifukwa cha ulemu wa mlendo basi.

António anagona chagada pansi pa lole, n'kumasula waya wochokera ku thanki. Anauza mdala kuti ayatse kiyi ndipo ayang'ane singano. Atagunditsa wayayo pa chitsulo cha lole, singano inagwa mpaka pa E, chilembo cha thanki yopanda kanthu. Atamuchotsa, inakwera. Anabwereza, inateronso.

"Mdala, geji yanu ndi yamoyo, waya ndi wamoyo," anatero António akudzisasa fumbi. "Vuto lili m'thanki. M'katimo muli kanthu koyandama pa petulo, kolumikizika ku kamkono ka chitsulo. Petulo akamatsika, nakonso kamatsika n'kuuza singano. Kanu kanakakamira m'mwamba. Tiyenera kutsitsa thanki."

Pa mawu onsewo a Bernardo anamvapo oyamba okha. Anatsika m'lole nkhope ikuwala ngati apambana mlandu ku boma.

"Amake Thecla, mwamva nokha. Mwana wa ku Zumbo wati geji ndi yamoyo."

"Watinso mutsitse thanki, atate ake Thecla."

"Munthu wosadwala samung'amba pamimba."

Tsiku limenelo anazungulira Feira yense, ku sitolo, ku doko, mpaka kwa amesenjala a ku boma, kulengeza kuti singano yayezedwa ndi katswiri wa dziko lina ndipo yapezeka yopanda mlandu. António anadya nkhuku, n'kuoloka kubwerera kwawo thanki isanakhudzidwe.

Zinasintha mu Okutobala wa 1957. Thecla, mwana wawo mmodzi yekhayo amene anakula, anakwatiwa kwa Mphuka, ndipo mwamuna wake anali kumigodi ku Wanki. Inali mimba yoyamba. Uthenga unafika m'mawa woti matenda ayamba dzana, azamba ayesa zonse, mwana sakutuluka. Ine ndinali pakhomo pa a Bernardo kudikira ulendo wa nsomba, choncho ndinakwera nawo kuti ndikathandize kunyamula. Titafika kwa Mphuka, tinamugoneka Thecla pamphasa kumbuyo kwa lole, mutu wake pa miyendo ya amake, n'kuyamba ulendo wa ku chipatala cha mishoni. Milomo yake inali itauma, ndipo kulira anali atasiya, akungobuula.

Tili pakati pa thengo, kutali ndi mudzi uliwonse, dzuwa lili paliwombo, lole inatsokomola. Inayenda pang'ono, n'kutsokomolanso, n'kuima.

Ndinali nawo kutsogolo. Singano inali pa F. Ndinadikira kumva za petulo wokomoka. Koma mdala anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kagalasi kaja. Kumbuyo kunkamveka kubuula kwa mwana wawo ndi nyenje za m'mitengo. Kenaka ananena motsitsa, osandiyang'ana.

"Watha."

Anatsika ngati munthu wokalamba kwambiri, n'kuyamba kuvula jekete kuti tipange machila. Tonse tinkadziwa kuti pa machila Thecla sakafika. Pamenepo a Emelina anandiitana.

"Bambo, tasunthani mtanga uwo."

Pansi pa mtanga panali chigubu chokulungidwa m'saka lonyowa, chodzaza petulo.

"Ndinapisa bango m'thanki pamene munali kufunafuna nsapato," anatero kwa amuna awo. "Linanyowa kunsonga kokha. Ndikanakuuzani, bwenzi tikukanganabe pakhomo mpaka pano."

A Bernardo ananyamula chigubu. Anathira petulo m'thanki ine ndikuwagwirira. Anatsegula boneti, n'kudonthezera pang'ono mu kabuleta, ine n'kupukusa hendulo yolizira injini mpaka mapewa kuwawa. Injini italira, mdala anayendetsa lole ija monga sindinaonepo, akuzemba maenje ngati wanyamula mazira. Tinafika dzuwa litapendeka. Masisitere anamulowetsa Thecla osatifunsa zambiri, ndipo kusanade tinamva kulira kwa khanda. Anali mwana wamkazi, amene anamutcha Ana. Sisitere wina wachikulire anatuluka n'kuuza a Emelina kuti tikanachedwa pang'ono akanataya onse awiri. A Bernardo anali atakhala pa sitepe ya lole, chipewa chili kumaso, ndipo palibe amene anawasokoneza.

Sabata yotsatira anaoloka okha kupita ku Zumbo kukatenga António. Mbiri inamveka, ndipo pa tsiku lotsitsa thanki anthu anasonkhana ngati kuli gule. Asodzi anasiya maukonde, Yosiya anabwera ndi Josefina wake mwana ali kumsana. António anakhuthula petulo, n'kumasula thanki, n'kutsegula kachitseko ka pamwamba. Munatuluka dzimbiri, batani la jekete, ndi chidutswa cha nsungwi chotalika ngati mkono wa mwana. Nsungwiyo ndi imene inapinga kamkono kaja n'kukakanikizira m'mwamba zaka zonsezo.

António anaikweza kuti onse aone. Anthu anayamba kuyang'anana, aliyense akuganizira mnzake. Yosiya analumbira kuti iye sanapisepo. A Emelina anaitenga, n'kuitembenuza, n'kuona timizere ta mpeni pamene pankamangidwa chingwe.

"Atate ake Thecla, kodi si nsonga ya ndodo yanu ya mbedza iyi? Ija munati inatengedwa ndi ng'ona chaka chimene munagula lole?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mdala anadikira mpaka titatopa. Anakonza kolala ya jekete, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Mwaona tsopano. Singano inkanena zimene inauzidwa. Wabodza anali ndodo. Nanga muyesa ndinkaletsa ndodo chifukwa chiyani?"

Geji itakonzedwa, inayamba kunena zoona, ndipo zoonazo sizinawakomere a Bernardo. Ankayendetsa diso limodzi pamsewu, lina pa singano, akuiona ikutsika monga mmene umaonera m'bale wako akuonda. "Kale ndinkayenda ndi mtendere," ankatero. "Tsopano kanthu aka kamandiuza za imfa ulendo wonse." Lole sinafenso panjira. Amayi a pa mlambe anatumiza mawu odandaula, ndipo mdala anayamba kuima pamenepo mwadala, akunena kuti injini yapempha mthunzi. Tinkatsika, kudya masau, kumva za maliro ndi maukwati a kwa Mburuma, kenaka n'kupitiriza.

Chifuwa chinawayamba m'nyengo yozizira ya 1959. Anayendetsabe mpaka mvula yoyamba, akutsokomola mopikisana ndi lole yawo. Kenaka anagona. Ndinakawaona masana ena, ndinawapeza pa khonde atafunda jekete, kamdzukulu kawo Ana kakusewera ndi zala zawo zakumapazi. Anandifunsa ngati nsomba zikugwidwa, ndi ngati msewu wa pa chikweza wakumbika. Anamwalira mu Disembala, mitsinje itadzaza, msewu utatsekeka. Anthu a kwa Mburuma anabwera wapansi m'matope, a ku Zumbo anaoloka madzi ali ofiira, António ali kutsogolo kwa bwato.

Lole anaitenga munthu wina wa ku Petauke mvula itatha. Pamene inkaima, pansi pa mtengo wa msau pakhomo pawo, panatsala banga lakuda la oilo limene udzu unakana kumerapo kwa zaka zambiri. A Emelina ankasesa bwalo lonse m'mawa, koma pamenepo ankapazungulira. Feira anakhala chete mwa mtundu wina. M'mawa unkamva nkhafi za asodzi ndi mvuu kutsidya, koma panalibenso munthu wokangana ndi chitsulo, kapena woti tizimunena madzulo pa doko.

Masiku ano kuli basi. Chaka chatha ndinaikwera kupita ku Lusaka kukaona ana. Tinanyamuka m'mawa, sitinaime paliponse koposa kutsitsa ndi kukweza anthu, ndipo ndinafika dzuwa likadalipo. Pambali panga panakhala bambo wina wa imvi ngati ine, wa chiyankhulo cha kwathu komwe kuno. Nditatsika n'kunyamula katundu wanga, ndinatembenuka kuti nditsanzike, ndipo ndinazindikira kuti ulendo wonsewo sindinamufunse dzina.