Mazira Awiri a Khansala

Khansala wathu uja, malemu amene tinkangowatchula kuti a Tigwirane, sankatha kudutsa munthu osamugwira chanza. Akakugwira sankataya msanga. Ankafunsa za ana, za ntchito, za chifuwa cha apongozi ako, dzanja lako lili m'mwawo mpaka kuchita thukuta. Wometa pamsika amalumbira kuti tsiku lina anamugwira dzanja la lumo, kasitomala n'kutopa kudikira, kubwerera kwawo mutu wometa theka.

Ndiye kunagwa mliri. Boma linati zogwirana chanza zithe, ndipo woti akalengeze pamsika anali iwowo. Analengezadi bwinobwino pachimkuzamawu, kenako n'kutsika kukathokoza onse amene anamvetsera, mmodzimmodzi, pogwirana nawo chanza!

Akazi awo atamva, mutu unawaima. Chimene ankaopa kwenikweni chinali chipinda chija cha kuchipatala, momwe odwala mliri ankafera okhaokha, abale akungosuzumira pawindo.

"Bambo, mukufuna ndidzakutsanzikeni pagalasi?" anawafunsa.

"Mayi, mtsogoleri wopanda moni ndi mtsogoleri wanji? Dzanjali limangopita lokha."

"Chabwino. Tiona ngati lipitenso lokha."

M'mawa mwake anawafumbatitsa mazira awiri aawisi, lina kumanja, lina kumanzere. "Awa abwere madzulo ali amphumphu. Likasweka limodzi, mugona pakhonde."

Abale inu, miyezi isanu ndi itatu a Khansala akuyenda ndi mazira! Kumsonkhano mazira, kokayendera mjigo mazira. Moni ankangopereka ndi mutu ngati gulo. Tsiku lina kunabwera bwana wamkulu wachipani, n'kutambasula dzanja. A Tigwirane anaiwala. Dzira linangoti phwa! m'manja mwa bwanayo.

"Pepani bwana, ndi lamulo la boma."

"Boma liti limenelo?"

"La kunyumba, bwana."

Tsiku limenelo anagonadi pakhonde. Anadandaula, anachonderera, anatchula ndi udindo wawo womwe, koma mayi aja sanatsegule. Mkati ankaseka, uku misozi ili mbwembwembwe, chifukwa sabata yomweyo anali atataya mnzawo wa kutchalitchi osamuona n'komwe nkhope.

Mliri unalowa m'nyumba zambiri, koma ya a Tigwirane unailambalala.

Anatisiya chaka chatha, ndi ukalamba basi, pabedi pawo, chipinda chitadzaza ana ndi zidzukulu mpaka ena kuima pakhomo. Pamsika masiku ano moni ndi wapakamwa, munthu akuyenda. Timafika msanga komwe tikupita, koma palibenso wofunsa za chifuwa cha munthu.

Anthu akapita kukawaona mayi aja, mayiwo amalira pang'ono, kenako n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Musandimvere chisoni kwambiri," amatero. "Ine ndinali pompo. Maso awo ndinawatseka ndekha."