Phula pa Buda wa Abwana

Lolemba
Abwana, eni chigayo cha mpunga ochokera ku Sri Lanka aja, anyamuka ulendo, abwera Lamulungu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chiboliboli cha Buda, cha simenti, chimene amaikapo maluwa m'mawa uliwonse. Chamera ndere, chayamba ming'alu, ndipo mvula ili pafupi. Mawu awo: "Mlonda, muchiteteze ku chinyontho. Chikawonongeka, ine ndi inu tasiyana." Ndiye kuti ntchito ikatha ndibwerera kukapalasa bwato ku Nyachikadza, ndi msana wothawu.

Koma asankha munthu wake! Zaka zonse zija ndinkamata mabwato, madzi amandidziwa ine.

Zofunika: phula, chitini, bulashi, nkhuni.

Mayi a kunyumba akuti, "Bwanji osangochikweza pamiyala n'kuchifolerera ngati nkhokwe?" Nkhokwe! Ndaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri
Ndere ndakwecha yonse. Phula lawira bwino. Ndamata kuyambira kumutu mpaka pansi, ndi makutu aataliwo omwe. Ndathira ndowa ziwiri za madzi kuti ndiyese, onse angotsetsereka. Ngakhale dontho! Lero ndadzikonda.

Lachitatu
Kunyezimira kwake! Obwera kuchigayo akungosuzumira pampanda. Mayi wina wa ku Marka wafunsa m'Chisena, "Mbani adacita pyenepi?" Ndayankha mokweza kuti ndine. Wagwira pakamwa n'kumapita. Kugoma kumeneko.

Lachinayi
Kwatentha koopsa. Ndinaiwala kanthu kamodzi kokha: bwato limakhala m'madzi, pamene Buda ali padzuwa la Nsanje. Phula likuyenderera. Mphepo nayo ikuwomba kuchokera kuchigayo.

Zomwe zamatirira pofika masana:
mankhusu a mpunga, thupi lonse
nthenga za nkhuku
buluzi mmodzi (ndamupulumutsa)

Komabe chinyontho sichinalowe. Pamenepo ndapambana, wina asatsutse!

Lachisanu
Ndachikulunga ndi pepala lapulasitiki kuti mankhusu asawonjezereke. Masana ndikuvundukula, m'kati muli thukuta lokhalokha. Ndagwada kuyang'ana m'munsi: simenti ikufumbutuka, patuluka toyera ngati mchere. Kani madziwo akukwera kuchokera m'dothi, ndipo phula langa likuwatsekera m'kati momwemo! Bwato silinandichitepo zimenezi.

Ndili ndi mantha, ndisaname. Ndikangoganiza za nkhafi msana ukuyamba kale kuwawa.

Loweruka
Palafini, sanza, kukwecha kuyambira m'mawa. Nkhope ya Buda yaonekanso, yodekha ngati palibe chachitika.

Mayi a kunyumba atulukira ndi anzawo anayi a kwaya, atasenza miyala, nsichi ndi milaza. Aitana amuna a m'chigayo, chiboliboli chakwezedwa pamiyala, mphepo ikudutsa pansi. Kadenga ka milaza pamwamba, kangalande mozungulira. Ine ndikuyang'anira, chifukwa ntchito iliyonse imafuna woyang'anira.

Chakumadzulo mvula yoyamba, yamkuntho. Buda ali gwa, wouma! Ndavina pamatope. Tapambana! Ndauza mayi kuti nzeru ya nkhokweyi ndinali nayo kale m'mutu. Angoti, "Eya, bambo."

Lamulungu
Abwana afika. Azungulira kawiri, agwira milaza, asuzumira pansi pa miyala. Akondwa kwambiri. "Wachita izi ndani?" Ndatsogoza chifuwa. Mayi a kunyumba atsokomola.

Kenaka abwana awerama, apisa chala kuseri kwa khutu la Buda. Chatuluka chakuda bii, ndi kanthenga ka nkhuku. "Nanga izi?"

Mayi ayankha mwaulemu wonse, atagwira m'manja: "Izo ndi za amisiri a mabwato, bwana. Ife tangomanga nkhokwe."

Abwana aseka mpaka kukhala pansi. Ntchito ilipo, ku Nyachikadza sindibwerera, Mulungu ngwabwino. Koma kuyambira lero woyang'anira chiboliboli ndi mayi, ndipo ayamba kale kundituma. Andipatsa mswachi wakale ndi kabotolo ka palafini.

Makutu alipo awiri, ndipo ndi aatali.