Tsiku Limene Ndinavuula Hopley M'nyanja

Achimwene, musanayambe kupukusa mutu kumeneko ku Joni, musanauze anzanu kuti mlongo wanu Lusiya wayambanso zake zija, khalani pansi muwerenge kalatayi yonse, ndipo wokayika aliyense akwere basi adzaone yekha: nyumba yathu ilipo! Ili chiimire ndi malata ake onse, ndi chitseko chake chokhota chija, ndipo waipulumutsa si loya, si abusa, si sing'anga, koma ine, mwana wa Fomu 3. Mukumva? Ngati ndikunama, ndisadzalawenso buledi moyo wanga wonse.

Zinayamba Lolemba. A Gwenzi, tcheyamani wa komiti ya masitandi, mapuloti a nyumba aja, kwathu ku Hopley kuno ku Harare, anabwera ndi chingwe choyezera, nazungulira nyumba yathu akung'ung'udza, kenako anauza bambo kuti sitandi yathu yakhala pamsewu, tiphwasule tokha lisanafike Loweruka, apo ayi atiphwasulira. Msewu wake uti, pomwe ngakhale wilibala imadutsa chopendekeka? Aliyense akudziwa kuti mlamu wawo wakhala akusirira chitsime chathu chiumireni mipope. Bambo anangoti, "Mapu ndili nawo." A Gwenzi anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu a Phiri, anthu a ku mafamu, mapu munawaonera kuti? Ndiwaone ndi maso angawa Lachisanu folo koloko isanakwane."

Mapuwo analipodi. Mkulu amene anayeza masitandi n'kukhoma zikhomo ankapemphera tchalitchi chathu, ndipo asanapite ku Mozambique kukasaka ntchito anawakopera bambo mapu a dera lonse pa fulashi. Kuyambira pamenepo fulashiyo inkagona m'chitini cha mchere, itakulungidwa m'mapulasitiki atatu.

Lachisanu m'mawa tinapita kusukulu kwathu ku Glen Norah, ine, bambo, mayi ndi a Gwenziwo. Aphunzitsi ali pa sitalaka, amene ankatiphunzitsa Jogalafe anawolokera ku Botswana, koma kompyuta yawo ikadali m'chipinda, ndipo magetsi, amene tinali titaiwala nkhope yake, anali atabwera tsikulo ngati mlendo wosochera. Alonda anatitsekulira chitseko uku akutiyang'ana m'matumba.

A Gwenzi anakankha aliyense n'kukhala pampando, ati iwo anagwirapo ntchito mu ofesi m'tauni. Anadina fayilo ija kawiri, kompyuta inafunsa kuti itsekule ndi chiyani, iwo n'kusankha pulogalamu yolembera makalata, ndiye achimwene, zimene zinatuluka! Tizilembo tonga nyerere, timabokosi, timitanda, tinkhope tosekerera, zikutuluka, zikutulukabe, kudzaza sikirini yonse, kusefukira pa desiki, kugwera pansi waa, kukwera m'miyendo ya mayi, mpaka alonda anathamangira tsache n'kusesa mabigiri awiri odzaza. Ndikulumbira, tina ndatipeza m'sokosi lero m'mawa.

Apa aliyense anayamba kuyang'ana mnzake cham'mbali. A Gwenzi anati ndi zopeka, kapena ndi mankhwala a kwathu ku Malawi, kumene ngakhale bambo sanapondeko. Bambo anayamba kutukwana woyeza uja chapansipansi kuti anawapatsa mankhusu. Mayi sanachotse diso pa dzanja lamanzere la a Gwenzi, limene linali m'thumba nthawi yonseyi, ati muli kanthu kophera mafulashi. Alonda anamva kuti mwina ndi vairasi, anatseka mphuno ndi chipewa n'kupita kukasamba m'manja ndi phulusa.

Ndiye ine ndinaimirira. Ndinati, "Mapu satsekulidwa ngati kalata. Mumayamba mwatsekula pulogalamu ya mapu, fayiloyo n'kuiitanira m'kati." Ndinachita zomwezo nditawerama pa phewa la a Gwenzi. Panatuluka kabokosi kolembedwa mawu, a Gwenzi n'kukatseka phaa. Ndinayesanso, anakatsekanso. Akuluakulu onse amatero, kabokosi kakangotuluka amakapha msanga ngati chinkhanira, osawerenga n'komwe. Kachitatu ndinawalanda mausi m'manja, inde, ine, tcheyamani wathunthu, n'kuwerenga. Kompyutayo inkangodandaula kuti fayiloyo yabwera yokha, anzake sakuoneka.

Mutu wanga unayaka. Aphunzitsi aja asanapite anatiuza kuti mapu otere si fayilo imodzi: ina imasunga mizere, ina maina ndi manambala, ina imalumikiza ziwirizo, zonse dzina limodzi, ndipo zimafunika kukhala mu foda imodzi, apo ayi palibe chimatseguka. Pa fulashi yathu panali imodzi yokha. Ndinatembenuka n'kuyang'ana bambo. Bambo anayang'ana kudenga.

"Bambo, anzake ali kuti?"

"Anali anayi, mwanangu. Ndinawabalalitsa."

Mukuwadziwa bambo anu. Chigwetsereni nyumba zathu chaka chija, pamene sutukesi ya mapepala onse inapita pansi pa chigalimoto kamodzi n'kamodzi, iwo sasunganso zinthu ziwiri malo amodzi: chitupa chili kwa azakhali, khadi la ubatizo kwa malume, nsapato yawo ya tchalitchi yakumanja ili kwathu, yakumanzere ku Highfield. Ndiye ataona mafayilo anayi a dzina limodzi anaganiza kuti woyeza uja wawakopera kanayi mwa chifundo, nauza malume kuti awagawe. Ina pa sidi kwa azakhali ku Highfield, ina pa disiketi kwa malume. Yachinayi anakana kutchula pamaso pa a Gwenzi.

Nthawi inali leveni koloko. Makombi onse, maminibasi athu aja, anali pamzere wa petulo, mahwindi oitanira anthu akusewera ntchuwa pansi pa mtengo. Ndinavula nsapato n'kuliyatsa liwiro, ndipo musandiuze za othamanga a pa wailesi, chifukwa ine ndinadumpha ngalande zitatu ndi phazi limodzi, ndinapitirira njinga, ndinapitirira galu amene ankathamangitsa njingayo, ndinapitirira mzere wa buledi umene unayambira pa mashopu a Machipisa n'kuzungulira bwalo la mpira la Gwanzura kawiri, wautali mwakuti akumbuyo ankadikira buledi wa sabata yatha, fumbi langa linaphimba dzuwa mpaka atambala a ku Highfield analira kachiwiri, ndipo chithunzithunzi changa chinafika mochedwa, chili wefuwefu, n'kundipeza nditagogoda kale pa geti la azakhali. Mukumva?

Azakhali sanatsekule. Anasuzumira pa zenera.

"Wakutuma ndani?"

"Bambo, azakhali. Ndine Lusiya."

"Lusiya ndi wamfupi. Iwe watumidwa ndi Gwenzi."

Ndinali nditatalika ndi liwiro lija, ndiye sindikuwada. Anandiuza kuti nditchule famu imene bambo anabadwira, mudzi wa agogo, mfunda wa agogo aakazi, ndi dzina la mbuzi imene inadya diresi lawo la ukwati. Ndinatchula zonse, ndinawonjezera ndi ana a mbuziyo. Apo m'pamene anatuluka, osalowera kuchipinda ayi, koma kuseri, m'dimba. Sidi ija inali ikulendewera pa ulusi pamwamba pa repu, ikuopseza mbalame.

"Wakuba amafufuza pansi pa matiresi," anatero azakhali. "Unaonapo wakuba akufufuza m'mwamba?"

Malume ndiye anavuta koposa. Anati masiku ano mwana angathe kugulitsa ngakhale chitseko cha kwawo, disiketi sapereka m'manja mwa munthu. Anaichotsa pansi pa chisa cha nkhuku yofungatira, naiika m'kati mwa chipewa, nati apita nayo okha. Koma malume kuyenda kwake mukukudziwa, ndiye ndinawabereka. Inde, kumbuyo, munthu wa ndevu zake, ndipo tinafika pasukulu thu koloko, iwo akundiuzabe kuti ndichepetse liwiro chipewa chingauluke.

Tinapeza a Gwenzi akuyang'ana wotchi, mayi akuyang'ana thumba la a Gwenzi, alonda akuyang'ana onsewo. Ndinapukuta sidi ndi siketi, ndinauzira nthenga pa disiketi, ndinatsekula foda yatsopano n'kuikamo atatu aja pamodzi, ndipo ndikukuuzani, ndinamva ndi makutu angawa akupatsana moni m'kati mwa kompyutamo. Ndinaitana mapu. Mizere inabwera! Masitandi, misewu, manambala, zonse!

Koma chimwemwe chinatha msanga. Pansi pake panali mapu a dziko lonse lapansi amene aphunzitsi anasiya, ndipo Hopley yathu sinakhale pa Harare, sinakhale mu Zimbabwe, sinakhale n'komwe pamtunda. Inali pakati pa nyanja yaikulu, ikuyandama. Chipinda chonse chinanunkha nsomba, mafunde ankamveka m'masipika, mayi anakwinya chitenje m'mwamba, alonda anatola matemba awiri pakati pa mabatani n'kuwaponya m'thumba la jekete. A Gwenzi anaseka mpaka misozi.

"Ndiye sitandi yanu ndi imeneyo, a Phiri. Gulani bwato."

Ine sindinaseke. Ndinati, "Bambo, yachinayi ija ndi imene imauza mapu malo ake padziko lapansi. Popanda iyo tigona m'madzi."

Bambo analuma mlomo. Anayang'ana a Gwenzi, anayang'ana alonda, anayang'ana ngakhale malume, mlamu wawo weniweni. Magetsi anaphethira kamodzi. Anaphethiranso. Wotchi inali itadutsa hafu pasiti fili. Ndiye mayi anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo, pomwe amamangapo tchenji cha tomato, n'kutulutsa kakhadi ka mu foni kochepa ngati chikhadabo. Miyezi yonseyi kankapita nawo kumsika tsiku lililonse.

Tinakalowetsa mu foni ya malume, kulumikiza ndi chingwe, kukopera mu foda muja, ine n'kutseka zonse n'kutsekulanso, ndipo achimwene, Hopley inanyamuka m'nyanjamo ikudontha madzi, inauluka pamwamba pa maiko osawerengeka, nkhuku zikulira, zovala zikupepeluka pa zingwe, inakhota pang'ono pa Zambezi, n'kudzatera kum'mwera kwa Harare, dii, mpaka choko chinagwa pa bolodi ndipo anthu a ku Glen Norah anatuluka m'nyumba kufunsana kuti chagwa n'chiyani. Mukumva? Funsani aliyense.

Ndinakulitsa, ndinakulitsanso, mpaka nambala yathu inaonekera. Ndinaloza ndi chala chachikulu pa sikirini: nayi sitandi ya a Phiri, nyumba m'kati, chitsime m'kati. Nanga msewu? Msewu unadutsa kunja kwa malire athu, n'kutsetsereka bwinobwino pakati pa sitandi ya tchalitchi ndi ya a Gwenzi, pamalo pomwe aliyense wa ku Hopley akudziwa kuti lero pali khola lawo la nkhuku ndi kashopu ka akazi awo.

A Gwenzi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Makompyutawa amanama," anatero.

"Mwina," anayankha bambo. "Ndiye mawa tiyeze ndi chingwe pamaso pa anthu onse. Tiyambire ku khola kwanu."

A Gwenzi anatulutsa dzanja lija m'thumba, ndipo munali mpango chabe. Anapukuta thukuta, nati nkhani ya msewu komiti iyamba yaiganiziranso, a Phiri asaphwasule kanthu, ndiponso si bwino kuti nkhani za m'chipinda muno zizimveka kumsika. Atangomaliza, magetsi anapita. Mayi analulutira mpaka alonda anaiwala vairasi n'kuvina nawo.

Ndiye amene akufuna azikayika, koma Loweruka ladutsa ndipo tikugonabe m'nyumba mwathu. Chimodzi chokha ndikuuzeni inu nokha, ndipo bambo asamve. Pamene ndinkaloza sitandi yathu, ndinaona kuti msewu uja wadula ngodya yathu yakumunsi, ndendende pamene pali chimbudzi chathu. Chala changa chachikulu ndinachiika pomwepo, ndinakanikiza, ndipo sindinachichotse kufikira magetsi atazima, a Gwenzi akuyamikira kuti mwanayu amaloza mwaulemu. Mpaka lero chikuwawa. Mukamabwera pa Khirisimasi mubwere ndi fosholo yatsopano, ndipo musafunse mafunso.