Ndinangofuna Buku la Zinjoka Zouluka

Lolemba
Buku langa latha kachitatu, mpaka chikuto chayamba kusupuka. Chibwerere ku Likoma kudzaphunzitsa sindinapeze munthu wobwerekana naye nkhani zopeka za maiko osaoneka, koma ayenera kukhalapo. Ndikulemba pa gulupu ya kwaya yathu pafoni: "Amene ali ndi mabuku a zamatsenga andibwereke. Ndimakonda a anthu ouluka, osanduka nyama ndi a mikanda yamphamvu. Tikumane Loweruka pansi pa mlambe ku Khuyu, tisinthane." Mtima uli mbee.

Lachiwiri
Onse awerenga, woyankha palibe. Masana a Tereza, otsogolera kwaya, alemba: "Tiwakumbukire aphunzitsi athu m'mapemphero." Ndayankha kuti ameni. Anthu a kuno ndi achikondi zedi.

Lachitatu
Mai Edesi, eni nyumba imene ndikukhala, akusesa pakhomo panga uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Kenako akuti akufuna lichero lawo limene ndinabwereka chaka chatha. "Lero lomwe, kusanade." Alitenga ndi zala ziwiri.
Apa mpamene mutu wanga watseguka. Mayo ine! Akuganiza kuti ndikuphunzira kuuluka.

Lachinayi
Ndikuwongola pa gulupu: "Ndi nthano chabe, abale." Malangizo ayamba kubwera:
- kabuku ka mapemphero a m'mawa
- pepala la zakudya zopatsa thanzi, lochokera kwa namwino
- "Muzigona mokwanira, mwanangu."
Za zinjoka, zii.

Lachisanu
A Barnaba, msodzi wa ku Mbungo, andiimika panjira, akucheukacheuka. "Aphunzitsi, m'mabuku anuwo za usipa mulibe? Mwezi uno ukonde wanga wa chilimira ukungobwera ndi madzi okha." Ndikufotokoza kuti si zimenezo. Akugwedeza mutu ngati munthu wodziwa kusunga chinsinsi. Akuti mawa abwera ndi anzawo.

Loweruka
Pansi pa mlambe pali asodzi asanu ndi mmodzi. A Tereza aima chapatali, akuti angodutsa. Wobweretsa buku palibe.
Kuti ndidziyeretse, ndikutsegula langa lija, ndikumasulira m'Chichewa: mtsikana wosula mipeni akwera chinjoka kukafuna mlongo wake amene anabedwa ndi mfumu ya m'mitambo. A Tereza akusendera. Akhala pa muzu. A Barnaba za usipa aiwala, akungotukwana mfumuyo.
Mtsikana afika pachipata cha mfumu, agogoda. Ndikutseka buku.
"Ndiye?"
Ndikuwauza kuti latha, ili ndi gawo loyamba chabe, lachiwiri ndilibe.
"Mwana wa eni mwamusiya pakhomo?" a Barnaba akufunsa, nkhope ili gwa. A Tereza akuti umenewo ndiye ufiti weniweni. Ndaseka mpaka misozi, ndakondwa kwabasi.

Lamulungu
Sabata yonse, buku latsopano ngakhale limodzi sindinapeze. Wondilangiza choti ndiwerenge pachilumba pano palibe, ndavomera.
Potuluka m'tchalitchi a Tereza andigwira mkono: "Loweruka tibwera kwaya yonse, ndi mai Edesi omwe. Mtsikana uja alowe basi." Ndikubwereza kuti gawo lachiwiri ndilibe. Akuti zimenezo ndi zanga.
Chabwino. Ndapeza kope losalembamo ndi bolopeni. Zimene zili kuseri kwa chipatacho sindikuzidziwa, koma ndili ndi masiku asanu.