Msoti Umene Unayamwitsa Mdzukulu Wanga

Amene akuti mbuzi yosaberekapo singatulutse mkaka adzuke, aime apa ndimuone nkhope. Inu a Makwinja mukusekatu, koma munali kuti chaka cha chilala chija, mtsinje wa Domasi utasanduka njira ya nyerere?

Chaka chimenecho mwana wanga Aginesi anamwalira pobereka, n'kutisiyira kakhanda, Tamanda, kochepa ngati chibakera changachi. Amayi oyamwitsa m'mudzi muno mawere anali ataphwa ndi njala. Kamwana kanalira mpaka mawu kutha, akazi anga n'kunena kuti, "Bambo, katifera m'manja aka."

M'khola munali mutatsala msoti umodzi wosadziwa tonde, timawere ngati njere za nandolo. Ndinaugwadira, ine munthu wa ndevu, ndikuti, "Mayi, tithandizeni." Ndiye ndinaubereka kumbuyo ndi chitenje, n'kukwera nawo phiri la Zomba, kudzera pathanthwe pamene ngakhale anyani amabwerera, mpaka pamwamba pomwe mitambo inakabisala chaka chimenecho, n'kugwira mtambo umodzi pakhosi, kuufinya kuti msipu umere, mbuzi ikudya, ine ndikusisita bere uku ndikuyimba nyimbo za kwaya mpaka pakhosi kuuma. Mukumva? Potsika, bere linali litakula kuposa mwini wake, miyendo yosafika pansi, moti ndinachita kubwereka wilibala.

Kungokhudza chabe, mkaka unathovoka n'kuboola ndowa, kugwetsa mpanda, kusefukira mumsewu wa ku Liwonde, maminibasi akuterereka, makondakitala akutunga ndi zipewa, wotsalawo n'kulowa m'minda ya mpunga youma ija, ndipo mpunga wake tinakolola wophikaphika, wongofunika shuga. Ndikanama ndisadzaone manda a Aginesi!

Koma ine zonsezo sindinaziyang'ane. Ndinatunga pa kasupuni n'kudonthezera pakamwa pa Tamanda. Kanameza. Kanamezanso, n'kutsegula maso. Akazi anga anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira, maliro aja anawasunga chiikire mwana wawo.

Mukufuna mboni? Tamanda uyo akuchokera kusukuluyo, wasiya njira yabwinobwino n'kumalumpha pamiyala. Muitaneni, mumupatse nyama ya mbuzi, yootcha bwino, yothira mchere. Sailawa ameneyo, ngakhale pa Khirisimasi. Munamuonapo munthu akudya mayi ake?