Mchele wa m'chitenje changa

Ku kilinki yathu ija ya kuseli kwa msika sindipondako manje. Mutu ukandiwawa ndimangomanga duku n'kugona. Ba nasi onse pamenepo andidziwa nkhope, ndipo ndamva ati ndikadutsa amagwilana pamapewa, "Ambuya a mchele aja abwela." Lekani ndikuuzeni ndekha mmene zinayendela, chifukwa za ku msika zija azithila kale tomato ndi anyezi.

Mwana wanga Misheki ni dalaivala wa thilaki, zija zazitali zoti ikamakhota msewu wonse umaima. Lelo Kasumbalesa, mawa Nakonde, mpaka ku Dalesalamu. Akachoka, mwezi umatha osamuona. Ine ndimakhala kwake ku Chelstone chimwalilile atate ake, pamodzi ndi mkazi wake, amake Taonga, mtsikana wobadwila m'tauni muno, wa mpingo wa Sabata, wosakamba zambili. (Ine munthu wosakamba sindimukhulupilila. Mau enawo amawasunga kuti?)

Ulendo wina Misheki anabwelako msanga. Analowa pageti atavala mapatapata, nsapato zili m'manja. Ndiyang'ane mapazi, mayo ine! Otupa ngati mabanzi. Ndinadina ndi chala, chala n'kusiya dzenje.

"Misheki, ichi n'chiyani?"

"Ni kukhala chabe, amama. Laini pa boda inali itali."

"Nanga maso kufiila?"

"Kutopa chabe."

Akuyankha ine, koma maso ali kwa mkazi wake. Mkazi wake maso ali pansi. Ine mumtima ndinangoti, hmmm.

Ndiwo zibwele. Lepu yowilitsa, nkhuku yosenda khungu, yoyela mbee ngati yadwala. Ndilawe msuzi: madzi enieni! Mchele olo kambeu kamodzi. Amake Taonga n'kundikankhila kasosala, kamau kake kaja kang'ono, "Ba mami, imwe muziikila mweka."

Anzanga, ine ndine wa ku Katete. Ndinavinidwa, ndinalangizidwa, ndipo atsikana amene ndawalangiza ine angadzaze minibasi. Kwathu mkazi akaleka kuthila mchele m'ndiwo, zifukwa n'ziwili. Choyamba, ali kumwezi. Chabwino, ndinadikila. Sabata inatha, ina n'kutha. Mwezi wanji umenewo wosalowa? Ndiye chatsala chachiwili. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina thupi limatentha, ndipo akathila mchele, mwamuna wake n'kudya, amadulika. Mdulo umenewo. Mapazi kutupa, mutu kuwawa, kenako chifuwa, kenako tikuimba nyimbo. Malume anga anapita choncho, ndinawaona ndi maso awa. Ndinaphatikiza zonse: ameneyu anathila kale kamodzi, waona mapazi atupa, manje wachita mantha. Ndipo akapanda kuulula dzina la mwamunayo, Misheki wanga afa.

Ndinayamba kulondela. Ndinakoka mpando n'kukhala pakhonde kuyang'ana geti. Wowelenga mita ya madzi anabwela, ndinamuona wafupika, sangakhale iye. Mkulu wa mpingo wawo anabwela ndi Baibulo, ndinakhala pakati pawo mpaka ameni. Wa malasha ndiye anandikwiyitsa. Munthu wangotsitsa thumba, kuseka kwa chiyani? "Muli shani ba madamu, lelo nabweletsa ya bwino maningi!" Ya bwino maningi ya chiyani? Ndinamuthamangitsa ndi tsache mpaka njinga inagwela mu ngalande. (Malashawo anali abwinodi, izo sindikana.)

Koma mwana akungofooka. Mwamuna woyendetsa chigalimoto chonga nyumba angakhale ndi mphamvu ndi masamba owilitsa? Ndinati ine ndine nkhalamba yamasiye, manja anga ni ozizila, mchele wanga sungadule munthu. Ndinamanga mchele pamfundo ya chitenje. Amake Taonga akangokwela basi kupita ku nchito ku Woodlands, ine mbaula pamoto. Kapenta wokazinga, nyama yowamba, delele la soda, chikanda cha pamsika, zonse ndi dzanja lodzaza. Misheki ankadya mpaka kunyambita zala, thukuta kamukamu. Akatha n'kutsitsa mau, "Amama, osamuuza amake Taonga."

Mwamva? Mwamuna wandevu kuopa mkazi m'nyumba yake! Ndinati basi, wadyetsedwanso ndi zina.

Tsiku loti abwelele ku yadi ya kampani kukatenga thilaki, Misheki anawelama kuti akakamize nsapato. Ndinangomva phii! Wagwela pachitseko, magazi akutuluka m'mphuno. Amake Taonga anaitana takisi, ine ndinalumphila kutsogolo, duku lili m'manja, ndikukuwa njila yonse, "Mwandiphela! Mwandiphela mwana!" Dalaivala wa takisi ati, "Ambuya, nani wapha?" Ndati, "Yendetsa iwe, uzamva komweko."

Ku kilinki anthu anali mbwee, koma anatilowetsa osaima pa laini. Ba nasi, mayi wonenepa wa magalasi, anamumanga kansalu pamkono, kamakina n'kulila. Anayang'ana, anavula magalasi, anayang'ananso, n'kufunsa Misheki.

"Ba Phiri, mapilisi mukumwa?"

"Nikumwa, sisita."

Mapilisi ati? Ine sindinaonepo mapilisi. Ba nasi n'kutembenukila kwa amake Taonga, "Madamu, tinakambana chani pa nkhani ya mchele?"

"Sisita, sininaikeko olo pang'ono. Mulungu aona."

Pamenepo ndinaimilila. Ndinati nthawi yanga yakwana, ngakhale a chipatala aiona nkhaniyi.

"Eyaa! Mufunseni bwino, ba nasi! Mufunseni chifukwa chake sathila! Anene dzina la mwamunayo pompano, mwana wanga achile! Ine ndakhala chete, ndapilila! Pakadapanda ine kumuthilila mchele masana alionse, bwenzi pano tili ku manda!"

Ndinamasula mfundo ya chitenje, mchele uja khuthu patebulo, pambali pa kamakina. Umboni.

 

Ba nasi anavala magalasi aja pang'onopang'ono. "Ambuya, kambani futi. Masana alionse?"

"Alionse! Ndi soda yemwe!" (Ndinanena monyada, ndikudziguguda pachifuwa. Mukaseka sekani apa.)

"Ambuya, mwana wanu ali na BP. Magazi athamanga maningi. Mchele kuli iye ni poizoni. Uyu mukazi enze kumusunga, imwe mwenze kumukankhila ku sitoloko, matenda yakufa ziwalo."

Ndinabwelela pampando. Misheki ali gone pabedi, thonje m'mphuno, n'kuyamba kufotokoza. Ati ali pa laini ku Kasumbalesa mutu unamuwawa, maso n'kuchita mdima, mwayi thilaki inali itaima. Dalaivala mnzake anamukokela ku kakilinki ka madalaivala, kaja ka m'kontena pafupi ndi boda. Anamupima, anamupatsa mapilisi, ati pita kwanu ukapumule, uleke mchele, uzikapimitsa ku kilinki yakwanu. Ndiye iye ndi mkazi wake akhala akubwela kuno mwakachetechete.

"Nanga ine osandiuza bwanji? Sindine amako ine?"

"Amama, mukadziwa imwe, msika onse wadziwa. Msika ukadziwa, ku yadi amva. Ku yadi akamva, thilaki apatsa wina."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, ine wa pakamwa ine? Nditembenuke, chitseko chili chotsegula, laini yonse yaunjikana pakhomo, makosi atalikatalika. Kutsogolo kwenikweni mai wina wa Chigwilizano cha ku tchalitchi kwathu, foni ili kale kukhutu.

Amake Taonga sanakuwe, sanalile. Anangosesela mchele uja m'dzanja lake n'kufunsa, "Ba mami, mwamuna wake uti? Uja wa malasha?"

Ndikadakonda andimenye mbama.

Misheki anamutumiza ku chipatala chachikulu, anagonako. Thilaki inapita ndi wina. Ku yadi anamvadi, ndipo sanamve kwa dokotala. Sanamuchotse nchito, Mulungu ngwabwino, koma za Dalesalamu amuimitsa, manje amangozungulila Kafue ndi Kabwe mpaka magazi akhazikike. Nsapato zikulowa. Akandiona ndayatsa mbaula amatuluka kukaima pageti.

Ine ndinagula chitenje cha bwino ku tauni, ndinagwada pamaso pa mpongozi wanga ndi maondo anga owolawa, mpaka anachita kundidzutsa anthu awili. Iye analandila chitenjecho, ati "Zikomo ba mami," basi. Koma mawa lake mchele unasamuka m'khitchini. Manje umakhala ku chipinda chawo chogona, kumene ine mpongozi sindingaponde ngakhale nyumba itapsa. Nthawi ya kudya ikakwana ndimaima pakhomo ndi kasosala ngati mwana wopempha, "Odi kuno." Iye n'kutuluka, n'kunditsinila ndi zala ziwili.

Koma dzulo, ndisanapemphe n'komwe, anandidzazila kasosala konse, akumwetulila, ati "Ikani maningi ba mami, osaopa."

Ine ndinamva ndi makutu anga zimene ba nasi ananena za mchele. Ndinadya ndiwo zanga zamadzi, ndikumuyang'ana.