Filimu Yanga Yoyamba M'nyumba ya Azakhali

Inu, kodi munkaonera sewero lija la pakanema, la banja lolemera lokhalira kukangana patebulo? Mukumukumbuka mtsikana wantchito amene ankalowa ndi thireyi, kuika makapu, n'kutuluka? Musavutike kukanda mutu, palibe amamukumbuka. Ndinali ine ameneyo. Mawu anga m'sewero lonselo anali akuti, "Tiyi wafika, bwana." Koma ndinkawanena mwaluso, inu! Lero mwachisoni, mawa mokwiya, mkuja ngati ndathiramo poizoni. Amayi anga okha ndi amene ankandionetsetsa, ndipo nawonso ankangoti, "Lero thireyi unaigwira bwino, mwanangu."

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kukalowa mu ofesi ya bwana wa pulogalamu.

"Bwana, ndipatseniko mbali yolira. Ndili ndi misozi yoti dziko liione."

"Iwe thireyi imakukhala," anatero osadzutsa mutu.

"Ndiye ntchito ndasiya! Ndikapanga filimu yangayanga, ndipo mudzandifuna."

"Ukaipanga udzatiitane. Tseka chitseko potuluka."

Ndinafuna kuchimenyetsa chitsekocho kuti nyumba yonse imve kuti pachoka munthu. Tsoka ilo, chinali chija chodzitsekera chokha pang'onopang'ono. Ndinaima ndikulimbana nacho, icho chikungoti fyuuu, abwana akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinalemba nkhani yomvetsa chisoni, ya mkazi wachitsikana wozunzika m'banja la mwamuna wankhanza. Wolemba ine, wopanga filimu ine, woyendetsa sewero ine, mkazi wozunzikayo inenso. Amati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinatenga anayi.

Popeza thumba linali lopepuka, ndinafuna zotchipa. Wa kamera ndinapeza bambo wojambula maukwati, tinkangomutcha Wamaukwati. Mwamuna wankhanza ndinatenga wometa tsitsi wa pafupi ndi kwathu, chifukwa cha ndevu zake zoopsa. Ndevu, ndilo dzina timamuitana, ndi munthu woti akaponda nyerere amaipepesa. Panatsala nyumba, ndipo apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje, chifukwa ndinapita kwa Azakhali.

Azakhali ndi mlongo wawo wa bambo anga, mayi wamasiye amene anagwira ntchito yoyang'anira malo ogona atsikana pasukulu mpaka kupuma. Atsikana amenewo pano ndi azimayi aakuluakulu, koma akamva Azakhali akutsokomola amabisabe foni. Pabalaza pawo m'pokongola ngati mwa nduna: kabati yamagalasi yodzaza mbale zimene sanadyerepo munthu, maluwa osafota, ndi masofa okutidwa ndi pulasitiki chigulireni.

"Nyumba tenga," anatero, "koma mwini wake sachokamo. Ndipo undipatse mbali."

Ndinawapatsa ya apongozi, ya mawu ochepa zedi: "Pirira, mwana wanga, banja ndi kupirira." Ndinati mumtima, apa angaononge chiyani?

Tinayamba ndi gawo la chikondi, banja lisanawawe. Ine ndi Ndevu tikhale pasofa, andigwire dzanja, andiuze kuti popanda ine sangakhale moyo. Ndevu atangoti akhale, pulasitiki anati pwiii! Phokoso lake, inu, ndi lija limachititsa anthu kuyang'anana m'basi. Akasendera kwa ine, pwiii! Akapuma, pwiii!

"Azakhali, tachotseko pulasitikiyu pang'ono chabe."

"Ameneyu anaika ndi malemu amuna anga. Adzachoka pa maliro anga, ndiponso zikadzaoneka kuti obwerawo ndi aukhondo."

Tinapitiriza choncho. Ndevu anandigwira dzanja.

"Iwe, dzanja limenelo unalipeza kuti?" Anali Azakhali, ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ndi sewero, mayi," anatero Ndevu.

"Sewero limayamba choncho, kenako timamva kuti kuli mwana."

Anabwera ndi zoluka zawo n'kukhala pakati pathu, pwiii! Ndevu anandifunsira chikondi modutsa pamwamba pa mutu wa Azakhali, iwo akuluka. Wamaukwati naye, chizolowezi sichitha: "Mwetulirani nonse! Amayi, yang'anani kuno!"

Kenaka linafika gawo lolira, limene ndinasiyira ntchito. Ndinagwada pakati pa balaza, kamera ili pankhope. Ndinaganiza za agogo anga amene anatisiya. Ndinaganiza za galu wathu amene anagundidwa ndi galimoto. Ndinaganiza za thireyi. M'maso gwa, mouma ngati mumsewu nthawi yachilimwe.

"Azakhali, ndibwerekeniko anyezi."

"Anyezi wanga ndi wophikira. Wosewera weniweni amabwera ndi misozi yake."

Safunsa anadya phula. Ndinalowa kubafa, n'kupeza kabotolo ka mafuta aja opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine. Ndinati kadontho chabe m'munsi mwa diso. Koma poti ndine munthu wosachita zinthu mwatheka, ndinapaka ndi chala chonse, uku ndi uku.

Mayo ine! Moto! Ndinatuluka ndikukuwa, osaona kanthu, misozi ndi mamina zikupikisana. Ndinapunthwa pa waya wa nyali n'kukagunda kabati ija ndi chipumi. Mbale zonse zinati wekechere!

"Mbale zanga!" Azakhali anandilumpha ine, mwana wa mlongo wawo, ndili gone pansi, n'kukakumbatira kabati. Ataona kuti palibe yasweka ndi pamene anacheuka. "Nanga iwe ukulira chiyani? Wasweka ndiwe?"

"Zimitsani kamera!" ndinakuwa.

"Ife pa ukwati sitizimitsa, asisi," anatero Wamaukwati. "Zabwino zimachitika mwadzidzidzi."

Maso atayamba kuphwa tinafika pachimake pa filimu. Mwamuna athamangitse mkazi, mkazi agwe pansi, apongozi alowe ndi mawu awo aja. Ndinachita kumunyengerera Ndevu kuti akalipe ngati wina wamubera makina ometera. Anayesetsa ndithu. Anakweza dzanja n'kubangula:

"Mkazi wopanda pake iwe! Longedza katundu wako uzipita!"

Ine pansi khu! Azakhali analowa monga tinapanganirana. Anandiyang'ana, n'kumuyang'ana Ndevu kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Ndinawanong'oneza, "Pirira, mwana wanga..."

"Apirire chiyani?"

"Azakhali!"

"Ndati apirire chiyani? Iwe wa ndevu ngati tsache lakutha, ukuuza ndani kuti alongedze? M'nyumba muno unagulamo chiyani? Ngakhale supuni? Dzanja limenelo ulitsitse ndisanalitsitse ndine!"

"Azakhali, ndi sewero, mawu anu si amenewo!"

"Sewero lomwelo anthu akaonera. Ukufuna ana aakazi a eni ake akapirire makofi chifukwa cha pakamwa panga? Ine ndalera atsikana ochuluka, sindinauzepo ndi mmodzi yemwe zopusa zimenezo."

Anavula silipasi. Ndevu, mwamuna wankhanza wa m'filimu yanga, analumpha sofa, n'kuzungulira tebulo, n'kukagwada pakona manja ali m'mwamba: "Pepani mayi, sindidzachitanso!"

Tinabwereza gawo limeneli mpaka dzuwa kupendeka. Ulendo uliwonse Azakhali ankalonjeza kuti anena zolembedwa, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi chipongwe chatsopano. Pomaliza Ndevu ankayamba kuthawa asanamalize n'komwe mawu ake.

Ndinatengera zonsezo kwa katswiri wolumikiza zithunzi pakompyuta. Ndinamuuza kuti achotse paliponse pamene pali Azakhali. Anaonera, anaonera, mapewa akugwedezeka, kenaka anapukuta m'maso.

"Asisi, ndikawachotsa mayiwa patsala dzina la filimu ndi mayina a osewera. Onani, apa ali pagalasi la kabati. Apa akusuzumira pawindo. Apa sakuoneka, koma akumveka."

Ndikanatani? Holo ndinali nditalipira kale, anthu nditaitana, abwana aja a pakanema atavomera kubwera. Ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu ozindikira adzaona chisoni chimene chili pansi pa zonsezi.

Tsiku loonetsa ndinavala diresi lofiira, londithina moti kukhala pansi kunali kosatheka. Ndinaima kutsogolo n'kulankhula ngati munthu wamkulu: "Filimu iyi ikukhudzani mitima. Amene mulibe mipango, pepani." Nyali zinazima. Ndinakatsamira khoma kumbuyo.

Pwiii!

Holo yonse inaphulika. Pofika pa gawo langa lolira, bambo wina anagwa pampando, mkazi wake akumumenya pamsana kuti apume. Misozi inatuluka ndithu monga ndinalonjezera, mipango inagwira ntchito, koma osati mwa njira imene ndinkaganiza. Ndiye Azakhali atati, "Apirire chiyani?" azimayi onse anaimirira, kuwomba m'manja, ena kukuwa, "Muuzeni, mayi! Muuzeni!" Kumzere wakutsogolo Azakhali anatembenuka n'kuwagwedezera mutu ngati akhala akuchita zimenezi chibadwire.

Ine ndinathawira kuchimbudzi n'kudzitsekera. Kunalowa azimayi awiri akupukuta misozi.

"Koma mtsikana wa maso otupa uja amatha, inu. Kugunda kabati kuja ngati zenizeni!"

"Ameneyo ndi katswiri. Nkhope yake yokha ine nthiti kuwawa."

Potuluka ndinakumana ndi abwana a pakanema pakhonde, tayi ili pambali, mawu atasasa ndi kuseka. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Ndinkadziwa ine kuti uli ndi luso! Ndikufuna sewero la mlungu ndi mlungu. Woyendetsa zonse ukhale iweyo, ofesi tikupatsa. Koma mayi aja asasowe, ndi sofa lomwe."

"Nanga mbali yolira, bwana?"

"Uzilira ndithu, mlungu uliwonse. Anthu amaseka kwambiri iwe ukamalira."

Ndinafuna kukana, inu, ulemu wanga unandiuza kuti ndikane. Koma ulemu suphika ndiwo. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ine nyimbo yanga ndinali nditaidziwa tsiku limenelo.

Lero sewero lathu likuonetsedwa m'nyumba zambiri. Ndili ndi ofesi, ndili ndi antchito, Wamaukwati anasiya maukwati, Ndevu akamameta anthu amamupempha kuti agwade ajambulitse. Ndimakhala pansi kulemba mawu okoma, ndimawapereka kwa Azakhali mwaulemu, iwo amawayalira pansi pa kapu kuti tebulo lisade, n'kukanena zawo.

Dzana lomweli tinalowa m'sitolo yaikulu, ine ndi iwo. Ndinangomva atsikana akukuwa, "Ndi iwo! Ndi iwo aja!" Gulu lonse likuthamangira kwa ine. Ndinati, Ambuye, tsiku lija lafika. Ndinavula magalasi adzuwa, ndinakonza tsitsi, ndinapendeketsa mutu kumbali yanga yokongola. Wakutsogolo anafika, wefuwefu, n'kundiika foni m'manja.

"Asisi, tatijambulani ndi Azakhali!"

Ndinawajambula. Azakhali analanda foniyo, n'kuiyang'ana atatambasula mkono, n'kugwedeza mutu.

"Wandidula mapazi. Wa mafilimu wanji iwe? Jambulanso."

Ndinajambulanso.